Mmene mungathandizire mwana wamng'ono kuyamba Chingerezi pakhomo

Mwezi wa Seputembala, alimi a ku Kasungu akamalawirira kudambo kukathirira nazale, ndi pamenenso ana a zaka 6 amalowa Sitandade 1. Kwa ambiri a iwo, kaya ndi a ku Chamama, ku Santhe, ku Wimbe kapena ku Chulu, imeneyi imakhala nthawi yoyamba kumva munthu wamkulu akuwayankhula m'Chingerezi n'kumadikira kuti ayankhe. Makolo ambiri nkhaniyi amaisiya m'manja mwa aphunzitsi, amvekere: "Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndingamuthandize chiyani?" Ena, makamaka amene ali ndi kangachepe, amaletseratu Chichewa m'nyumba kuti mwana azolowere chizungu msanga. Njira zonse ziwirizi zimamupweteka mwana. Pali zambiri zimene banja lililonse lingachite, ngakhale lokhala m'kanyumba kaudzu pa esiteti, ndipo zambiri mwa izo sizilira ndalama.

Zoti Chingerezi n'chofunika, palibe angatsutse. Mayeso a Sitandade 8 amene amakonza bungwe la MANEB amalembedwa m'Chingerezi, kupatula pepala la Chichewa lokha. Ku Fomu 4, mwana akalephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwino. Mlimi wa fodya naye amadziwa kuwawa kwake kosainira mapepala a mgwirizano ndi kampani, kapena kulandira pepala la malonda a mabelo ake kumsika wa Chinkhoma, wina atachita kumuwerengera. Kuno ku Kasungu ulemu wa chiyankhulochi ndi wakalekale. Akuluakulu akukumbukira Kamuzu, mwana wa boma lino, akuyankhula Chingerezi pamisonkhano womasulira ali pambali, ndipo Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981, inalimbitsa maganizo akuti munthu wophunzira ndi amene amayankhula chizungu cha m'mphuno. Choncho kholo likamalakalaka kuti mwana wake achidziwe silikulakwa ayi. Pofunika kusamala ndi pa njira yake.

Musataye chiyankhulo cha pakhomo

Kwa zaka zambiri ana m'sukulu za boma ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro chabe, ndipo ankasinthira ku Chingerezi pa Sitandade 5. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna wa maphunziro unalengeza kuti zimenezi ziziyambira mu Sitandade 1. Komabe aliyense amene waimapo pazenera la kalasi ya kumudzi amadziwa kuti aphunzitsi amafotokozabe m'Chichewa, chifukwa akapanda kutero ana amangowayang'ana. Ndondomeko yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, nayo imaphunzitsa zonse ziwiri, Chichewa ndi Chingerezi, m'makalasi anayi oyambirira.

M'zaka za m'ma 1990, katswiri wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa ana a pulayimale kuno ku Malawi ndi ku Zambia. Nthawi imeneyo ana a ku Zambia ankaphunzira chilichonse m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, pamene athu ankayamba ndi Chichewa. Pofika m'kalasi yachisanu, ana a ku Zambia sanapose anzawo a kuno powerenga Chingerezi, koma powerenga chiyankhulo chakwawo ana a ku Malawi anawasiya kutali. Zaka zinayi za Chingerezi chokhachokha sizinawapindulitse ana a ku Zambia pa Chingerezicho, ndipo zinawamana luso lowerenga chiyankhulo chimene ankachimva.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mwana amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha. Akazindikira kuti malembo amaimira maliwu, kuti maliwu amapanga maphatikizo, ndipo maphatikizo amapanga mawu a tanthauzo, nzeru imeneyo amapita nayo ku chiyankhulo china chilichonse. Ndipo amaizindikira msanga m'chiyankhulo chimene amalotera. Mlimi aliyense amadziwa kuti mbande yowokeredwa isanakhwime imafota kumunda ngakhale mvula igwe bwanji. Chiyankhulo cha pakhomo ndicho nazale ya mwana.

Ndiye ntchito yoyamba, kuyambira mwana ali kumbuyo, ndi kumuyankhula kwambiri m'chiyankhulo chimene inuyo mumachidziwa bwino. Muuzeni zimene mukuchita pamene mukutsuka mbale, mukusenda mtedza, mukupita kuchigayo. Agogo apitirize nthano ndi zilape madzulo, ndipo nthano ikatha mwana afunsidwe: kalulu anayamba ndi chiyani, kenaka n'kutani, nanga ukanakhala iwe ukanatani? Mwana amene angathe kulongosola nkhani kuchokera poyambira mpaka pothera m'Chichewa ali kale ndi theka la zimene mphunzitsi wa Chingerezi adzafune kwa iye. Ambirife tinaleredwa kuti mwana sayankhula pakati pa akuluakulu. Ulemu ndi wabwino, koma pakhale nthawi tsiku lililonse imene mwana akuyankhula ndipo wamkulu akumvetsera osamudula pakamwa.

Mabanja a ku Nkhamenya ndi ku Chisemphere amene pakhomo amayankhula Chitumbuka, ndiponso amene anachokera ku Mulanje, Phalombe kapena Mangochi kudzalima m'maesiteti ndipo ana awo amamva Chilomwe kapena Chiyao, asade nkhawa kuti ziyankhulo zachuluka. Mutu wa mwana sudzaza. Pitirizani chanu pakhomo. Chichewa adzachitola kwa anzake kumasewero, Chingerezi n'kudzabwera pamwamba pake.

Chilowe m'khutu, kenaka m'manja, pakamwa pambuyo

Mwana wanu sanayambe Chichewa ndi kulemba. Anayamba wamva kwa miyezi yambiri, kenaka ankachita zimene mwamutuma asanathe kuyankhula. Chingerezi chiyende chimodzimodzi. Mwana wa zaka 3 mpaka 6 muyambe naye ndi mawu oti achite kanthu: "Stand up", "Sit down", "Touch your nose", "Bring the cup", "Close the door". Nenani mawuwo uku inuyo mukuchita, kenaka chitani naye limodzi, kenaka nenani chabe n'kuona ngati achita yekha. Akabweretsa kapu, wamva, ngakhale sanatsegule pakamwa. Ana amakonda kwambiri mukasinthana, iye n'kukhala wolamula, bambo ake n'kumaimirira ndi kukhala pansi.

Mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa maola awiri Lamlungu lokha. Sankhani nthawi imodzi imene siisuntha, kaya pomusambitsa, kaya mukatha kudya nsima yamadzulo. Mawu atsopano asapitirire asanu pa sabata, ndipo akale muziwabwereza mpaka atazolowereka. Yambani ndi zinthu zimene mwana angazigwire pakhomo panu pomwepo: khasu, mbuzi, nkhuku, chimanga, madzi, mbale. Zina amazidziwa kale pang'ono, chifukwa kapu, supuni, buku, tebulo, sopo ndi shuga zinachokera ku Chingerezi komweko, ndipo mwana amasangalala akazindikira kuti sakuyamba chimanjamanja. Mawu asamakhale okhaokha nthawi yaitali. Akadziwa "cup", pitani msanga ku "This is my cup" ndi "Give me the cup", chifukwa munthu sayankhula ndi mayina a zinthu okha.

Pa kuwerengera samalani. Pafupifupi mwana aliyense m'dziko muno amatha kuimba manambala m'Chingerezi mpaka 10 kapena 20, ndipo makolo amakondwa. Kuimba si kuwerengera. Ikani pansi zitsononkho kapena zitsekerero za mabotolo, munene kuti "Give me four". Akakupatsani zinayi, wadziwa. Akakupatsani zodzaza manja, bwererani pa ziwiri ndi zitatu.

Pali chinthu chimene chimaopseza makolo pachabe. Ana ambiri akayamba kumva chiyankhulo chatsopano amakhala chete kwa masabata, ena miyezi, osatulutsa liwu ngakhale limodzi m'chiyankhulocho. Kholo limaganiza kuti mwana ndi mbuli kapena mphunzitsi ndi waulesi. Koma nthawi imeneyo mwana amakhala akusonkhanitsa mawu m'mutu, ndipo tsiku lina mudzamumva kuseri kwa nyumba akuphunzitsa ana anzake kapena zidole zadothi, akutsanzira mphunzitsi wake liwu ndi liwu. Musamukakamize. Akayamba kuyankhula adzasakaniza, monga "Ndikufuna water". Kumeneko si kusokonezeka ayi, akugwiritsa ntchito zonse zimene ali nazo, ndipo adzazilekanitsa yekha akamakula.

Chimene ndikupempha ndi mtima wonse ndi ichi: musamuseke, ndipo musalole kuti akulu ake amuseke. Pali anthu akuluakulu ambiri amene Chingerezi amachimva bwinobwino koma sangayerekeze kuchiyankhula pagulu, chifukwa tsiku lina ali ana anaphonya liwu, anthu n'kufa nazo kuseka. Musamuimiritsenso pamaso pa alendo kuti "tayankhula chizungu amalume ako amve" ngati iye sakufuna. Mkwapulo ndiye usayandikire n'komwe. Mwana wamantha amaloweza kuti apulumuke, samvetsa. Akalakwitsa, ingobwerezani chiganizocho molondola ngati mukucheza. Iye akati "Me want water", inu yankhani kuti "I want water", n'kumupatsa madziwo.

Pamene ana athu amapunthwa

Zolakwitsa zambiri zimachokera pa kusiyana kwa ziyankhulo ziwirizi, osati pa kuchepa nzeru. M'Chichewa l ndi r sizisintha tanthauzo la mawu, koma m'Chingerezi "play" ndi "pray" n'zosiyana, "load" ndi "road" n'zosiyananso. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, choncho mwana amawonjezera lake kumapeto, "dog" n'kukhala "dogi". Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye "he" ndi "she" amazisinthanitsa kwa zaka. Tili ndi maliwu asanu okha, a, e, i, o, u, pamene Chingerezi chili ndi ochuluka, n'chifukwa chake "ship" ndi "sheep" amazimva ngati liwu limodzi. Zonsezi zimatha ndi kumva kawirikawiri, ndipo musamade nazo nkhawa kwambiri. Cholinga ndi chakuti mwana amve ndi kumveka, osati ayankhule ngati wobadwira ku London.

Chosokoneza kwambiri ndi malembo. M'Chichewa lembo limanena zomwezo kulikonse: a ndi a basi. M'Chingerezi lembo lomwelo limamveka mosiyana mu "cat", "cake" ndi "car". Kuwonjezera apo, dzina la Chingerezi la lembo e limamveka ngati i wathu. Mwana amene akuphunzira a, e, i, o, u kusukulu, ndiye kunyumba mkulu wake akumuimbitsa mayina a malembo a Chingerezi tsiku lomwelo, amasokonezeka ndithu. Pa zowerenga, tsatani pamene aphunzitsi afika m'buku. Ayambe wagwira maphatikizo a Chichewa mpaka atawerenga yekha mawu ngati "agogo", "mbuzi" ndi "nyumba". Nthawi imeneyo Chingerezi chizipitirira m'khutu ndi pakamwa.

Ngati inuyo Chingerezi simuchidziwa

Mbali yanu ikadalipo, ndipo ndi yaikulu. Tsiku lililonse tsegulani kope la mwana, ngakhale simutha kuwerenga, n'kumuuza kuti akuonetseni zimene alemba lero. Mufunseni kuti akufotokozereni m'Chichewa tanthauzo la zimene aphunzira. Akatha kufotokoza, wamvetsa. Akangobwereza mawu ngati nyimbo, sanamvetse, ndipo muwauze aphunzitsi. Muuzeni akuphunzitseni liwu limodzi patsiku, ndipo mulinene iye akumva. Palibe chimene chimamulimbitsa mtima mwana ngati kuona amayi ake akuphunzira kwa iye.

Ana okulirapo a Sitandade 6 kapena 7, anu kapena a m'mudzi momwemo, angathandize pa mphindi 10 zija, bola muwauziretu kuti kumenya ndi kuseka n'koletsedwa. Pitaninso kusukulu kamodzi pa teremu, osadikira kuti akuitaneni pa mlandu. Kalasi ya Sitandade 1 imakhala ndi ana ochuluka kwambiri moti mphunzitsi sangamve liwu la aliyense, koma mwana amene kholo lake linabwera kudzafunsa saiwalika.

Zowerenga zilipo kale pakhomo. Mapaketi a shuga, mchere, tiyi ndi sopo ali ndi mawu, kalendala ili ndi masiku ndi miyezi, ndipo popita kumsika pali zikwangwani za magolosale ndi malo ometera zoti muziloza limodzi. Dulani katoni m'zidutswa, mwana ajambule mbuzi kapena njinga pa chilichonse, wodziwa kulemba alembe dzina lake m'ziyankhulo zonse ziwiri, musoke ndi ulusi, limenelo ndi buku. Pansi pabwalo ndi kamtengo ndi bolodi lokwanira. Mabotolo ndi mapaketi a mankhwala a fodya okha asakhale zoseweretsa kapena zowerengera, ngakhale atatsukidwa.

Musapeputse zithunzi. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe anasiya sukulu ya sekondale makolo atasowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Mu laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe anapeza mabuku a sayansi, lina lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chinali chochepa, ndiye ankatsata zithunzi n'kumafufuza mawu oyendera limodzi ndi chithunzi chilichonse mpaka atamvetsa. Ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Iye anali wamkulupo kuposa ana amene tikunena pano, koma njira yake ndi yomweyo: chithunzi, chinthu chimene mwana akufunitsitsa kudziwa, ndi mawu pambali pake. Mwana wanu akakonda mathirakitala, yambirani pa mathirakitala.

Foni imathandiza pang'ono. Nyimbo za ana za Chingerezi zoika pa memori khadi zimazolowetsa khutu, makamaka mukamaimba naye ndi kuchita zimene nyimboyo ikunena. Koma foni siyankha mwana, ndipo chiyankhulo chimakula poyankhana. Mu 2019 bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza kuti mwana wosafika zaka 2 asamaonetsedwe kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Za sukulu za mkombaphala ndi za nazale zolipira zimene zachuluka m'matauni ang'onoang'ono, musakopeke ndi yunifolomu yokongola kapena ana oloweza ndakatulo zazitali. Kaimeni pakhomo pake m'mawa umodzi. Ana akusewera ndi kugwira zinthu? Mlezi akufotokoza m'Chichewa mwana akasowa? Kumene amalanga mwana wa zaka 4 chifukwa wayankhula Chichewa, musamusiyeko. Mkombaphala wa m'mudzi wokhala ndi mlezi wachikondi, phala ndi nyimbo umamukonzekeretsa mwana bwino kuposa kumeneko.

Nyengo ya fodya

Kuno kwathu chimene chimabweza ana m'mbuyo kwambiri si kuvuta kwa Chingerezi koma kujomba. Kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene fodya akuthyoledwa, kusokedwa ndi kupachikidwa m'chigafa, ndi pamenenso teremu yachiwiri ili pakati, ndipo m'nyumba zambiri ufa umakhala utatha. Mwana wa Sitandade 1 kapena 2 amatsalira kulera mng'ono wake, kapena kutola masamba. Maphunziro a kuwerenga amamangidwa lembo pa lembo, ndipo amene wajomba masabata atatu amapeza anzake atadutsa malembo angapo amene palibe adzabwerere naye. Gwirizanani ndi achibale kapena anansi za wolera khanda miyezi imeneyi kusanafike. Mwana apite kusukulu atadyako kanthu, ngakhale kaphala kapena mbatata ya dzulo.

Masamba aawisi a fodya, makamaka akanyowa ndi mame kapena mvula, amalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu. Mwana amamva mutu, chizungulire ndi nseru, mwinanso kusanza, ndipo m'mawa mwake m'kalasi samva kanthu. Malamulo a dziko lino amaletsa kugwiritsa ana ntchito ya fodya, ndipo thupi la mwana wamng'ono silingapirire zimene la wamkulu limapirira.

Mabanja amene amasamuka nyengo ikatha atenge kalata ya transifa kwa ahedi, pamodzi ndi makope onse a mwana, kuti aphunzitsi a kumene mukupita aone pamene anafika. Ndipo msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama za mabelo oyamba zikangolowa, patulani pomwepo za makope, mapensulo, kabuku kamodzi kapena kawiri ka nthano za zithunzi ndi kanyale ka sola. Tonse tikudziwa kuti ndalama za fodya sizigona m'nyumba.

Nthawi zina vuto silikhala chiyankhulo. Mwana amene wafika zaka 2 asakutchula liwu lililonse ngakhale m'Chichewa, amene satembenuka mukamuitana ali chofulatira, amene m'khutu mumatuluka mafinya, kapena amene amatsinzinira ndi kuyandikitsa buku kumaso, apite naye kuchipatala. Yambirani kusikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Chipatala cha boma pa Kasungu, cha St Andrew's ku Mtunthama ndi cha Nkhamenya ziliponso. Khutu lodwala likachiritsidwa msanga, mwana amene ankaoneka wosamva amasintha.

Pomaliza Sitandade 2, muyeseni nokha pakhonde. Awerenge kankhani kafupi ka Chichewa n'kukuuzani zimene kakunena, ndipo achite zinthu zisanu zosavuta zimene wauzidwa m'Chingerezi. Zikakanika, musadikire Sitandade 5, pamene mabuku a maphunziro ena onse adzakhale m'Chingerezi. Pitani kwa aphunzitsi ake sabata yomweyo mukafunse malembo ndi mawu amene akumuvuta, ndipo muyambire pamenepo madzulo ake.